Mawu Asanu ndi Awiri a Chanda

Lolemba

Ana asanu ndi mmodzi, wamkulu mmodzi: ine. Mayi a kunyumba, aNabanda, akwera basi ya ku Chipata m'mawa uno, mwana wathu wamkazi masiku ake obereka akwana. Andisiyira nasale yawo ya pakhonde sabata yathunthu. Potsazika akuti, "Musawaphunzitse kanthu. Muwapatse phala, muwapukute mamina, muwabweze kwa amawo ali amoyo." Kundiuza ine! Ine amene ndinasunga gulu la amuna pansi pa mgodi zaka zonse zija, osatayapo ndi mmodzi yemwe.

Kope ili ndi lawo lolembamo maina a ana. Ndikulemba chakumbuyo. Zilembo ndinazitola ndili ndi ndevu kale, ndiye cholembera chimayenda ngati bilimankhwe, koma chimafika.

Nkhani ili pa Chanda. Zaka zitatu, maso ngati nyale, mawu palibe. Amake, Bana Chanda, amayenda pansi tsiku ndi tsiku kukachapa ndi kusita kumayadi. Lero afika maso ali psuu. Apongozi awo akubwera Loweruka kuchokera ku Kasama. "Bakamba ati mwana ni chipuba, ati bazamutenga ku munzi. Ba Shikulu, nizachita bwanji?" Chipuba ndiye chitsiru m'kalankhulidwe kawo, ndipo Shikulu ndiye agogo, mmene amandiitanira kuno.

Ndawauza asalire. Pofika Lamulungu mwanayu alankhula. Tsiku lililonse liwu limodzi:
1. Mayi
2. Tate
3. Madzi
4. Phala
5. Zikomo
6. Agogo (ili ndi la mlendoyo)
7. Ameni

Tayamba ndi Mayi. Ndakhala naye pamphasa, ndanena Mayi mpaka kukhosi kuuma. Woyankha ndi Esinati, mwana wa mayi wogulitsa tomato, kamtsikana kamene pakamwa pake sipadziwa kutseka. Chanda wangoyang'anitsitsa dzino langa losweka. Kuyang'ana ndiko chiyambi. Mawa tichita awiri.

Lachiwiri

Choyamba, denga. Ku mgodi munthu sagwira ntchito asanagogode pamwamba pa mutu wake. Khonde la aNabanda ndi malata akale opsinja ndi miyala, ndipo sindikhulupirira kuti anayamba aliyenderapo. Ndatenga mtengo wa tsache: go, go, go! Ana pambuyo panga pamzere. Ndapeza lata lofooka, ndadzimenya pamutu kawiri ndi chikhatho, chizolowezi cha pansi, kutanthauza kuti pamwamba pali ngozi. Pocheuka, Chanda akudzimenya pamutu kawiri, akuloza lata lomwelo.

Zokongola. Koma ntchito yathu si manja, ndi pakamwa.

Njira ya lero: fanelo yothirira parafini. Andibwereka Ba Mwape, owotcherera zitsulo kuseri kwathu. Ndaitsuka bwino. Pakamwa panga kwakukulu, kwakung'ono chapafupi ndi khutu la Chanda. "TATE!"

Zotsatira:
– Mulenga, wamng'ono pa onse, walira ndi kunyowetsa kabudula.
– Nkhuku za aneba zabalalika.
– Ba Mwape afika ndi hamala m'manja: "Ndani aitana batate? Banafa kudala!"
– Chanda waseka chifukwa mpweya ukumugirigisha. Fanelo wavala kumutu.

Mawu: palibe. Ndafufuta Ameni ndi Zikomo. Mulungu amamva za mumtima, ndipo zikomo munthu angathe kuomba m'manja. Atsala asanu.

Lachitatu

Esinati wagwetsa beseni lachitsulo pamwala. Ana onse alumpha ngati ziwala. Chanda osacheuka, akupitiriza phala lake. Ine ndadziwa za beseni poona ana akulumpha. (Ndinali m'maganizo, n'chifukwa chake. Makutu anga ali bwino.)

Ndayesa ndekha. Ndaima kumbuyo kwake, ndamenyanitsa mbale ziwiri. Palibe. Ndaponda mwamphamvu thabwa limene wakhalira. Wacheuka msangamsanga!

Mwana uyu si chitsiru. Mwana uyu ali pansi pa mgodi. Kumene kukulira makina oboola mwala, mnzako umamuona akuyasama koma mawu safika. Kumeneko tinalipo Abemba, Alozi, Atumbuka, ife a ku Dedza, ndipo chilankhulo cha tonse chinali manja.

Ndamuonetsa zitatu zokha, zongoti tizimvana podikira mawu:
– chibakera m'mwamba: ima
– chala chachikulu pakamwa: madzi
– zala ziwiri zikuyenda pamkono: tiye, choka

Wazigwira kamodzi. Kamodzi! Pagulu langa panali mwamuna wina, bambo wa ana anayi, amene chibakera chinamutengera mwezi, mpaka ngolo inamuphunzitsa pa chala cha kuphazi.

Wapempha madzi kasanu ndi kawiri. Ludzu alibe. Akungofuna kuona nkhalamba ikunyamuka iye akalamula. Ndanyamuka ulendo uliwonse. Kabudula wake wachitatu ali pachingwe.

Bana Chanda pobwera kudzamutenga ndawauza mosapsatira: mwana samva, mupite naye kukiliniki. Agwira pakamwa. "Nenze naganiza, koma nenze kuyopa kukamba." Akuti apempha Lachisanu kwa adona awo. Kenaka akuti, "Koma bapongozi bafuna kumvera na makutu yao."

Chabwino. Tate ndi Phala ndafufuta. Atsala atatu: Mayi, Madzi, Agogo.

Lachinayi

Zavuta. Nasale yonse yati zii, ngati tchalitchi Lolemba.

Ana asiya kulankhula. Onse manja okhaokha, ndipo kapitawo wawo ndi Chanda. Dzana ankakhala yekha pakona ndi chitini. Lero akakweza chibakera, asanu aima. Apanganso zawo zimene sindinawaphunzitse:
– kusisita pamimba: phala
– kutsina mphuno: Mulenga, kapena zimene Mulenga wachita
– chala padzino, msana wowerama: ichi sindinachidziwe

Ndafunsa Esinati. Wanong'ona, "Ni imwe, Shikulu." Ndakwiya pang'ono. Kenaka ndakumbuka kuti ku mgodi wopatsidwa chizindikiro chakechake ankakhala munthu wodziwika. Msana ndawongola ndithu.

Njira ya lero: dzanja pakhosi. Ndaika kadzanja kake pakhosi panga, ndati "Maaa." Wamva kunjenjemera, maso tong'o! Wayendera makosi onse: a anzake, la galu, ngakhale wayilesi ya Ba Mwape. Lake lokha ayi.

Masana Bana Esinati afika kuchokera pamzere wa mafuta ophikira, aima chiyambire m'mawa, abwera chimanjamanja, mtima uli m'mwamba. Afunsa mwana wawo ngati wadya. Esinati wasisita pamimba, wawakwezera chibakera. "Ba Shikulu! Nakuletelani mwana okamba monga wayilesi, manje mwanibwezera chani ichi?" Ndawayankha kuti mu Kalingalinga muno alipo ambiri amene angandithokoze. Sanaseke.

Madzi ndafufuta, poti ali nalo kale m'manja. Atsala awiri.

Lachisanu

Chanda ali kukiliniki ndi amake. Ife tili pa kugogoda denga, alendo awa: Ba Cheyamani a chipani m'chigawo chathu, jekete, kope, cholembera m'thumba. Wina wakawauza kuti pakhonde pa aNabanda ana akuphunzitsidwa kukweza zibakera pamzere. Ndani wakanena, sindilemba. Amagulitsa tomato.

"Mdala, dziko ino ili na chipani chimozi. Ivi vizindikiro ni va ndani?"

Ndawapatsa mpando, akana. Ndafotokoza pang'onopang'ono, kuyambira tsiku limene ndinatsika mgodi koyamba. Ndisanafike n'komwe pa makina, akuti ndifupikitse. Akuti ndionetse chimodzichimodzi, alembe. Chibakera alemba. Madzi alemba. Ali mkati molemba, ana onse atsina mphuno, maso ali pa nsapato yawo.

"Nanga ichi?"

Ndaona pamene aponda. Ndaona Mulenga alibe kabudula. Ndati, "Ulemu kwa akuluakulu, Ba Cheyamani." Mulungu andikhululukire. Alemba. Abweza ulemuwo, atsina mphuno yawo kwa ana. Achoka okhutira, nsapato ya kumanzere ikusiya zidindo mpaka kumsewu.

Masana Bana Chanda abwera akumwetulira koyamba sabata ino. Asisitala, anamwino a kukiliniki, akuti vuto ndi makutu, mutu uli bwinobwino. Akuti m'tauni muno muli kalasi ya ana osamva, akakulako pang'ono angalowe, kumudzi kulibe. Akuti za manja zisalekeke. Afunsanso kuti wamuphunzitsa ndani! Bana Chanda anditchula. Dzina langa lamveka kukiliniki.

Akutinso nkhalambayo ibwere tidzaione makutu. Izi Bana Chanda anena katatu. Ndinamva koyamba, ndimangofuna kutsimikiza.

Mayi ndafufuta, amake akuti adikira. Latsala limodzi: Agogo.

Loweruka

Lero si tsiku la nasale, koma onse abwera okha.

Agogo. Agogo. Agogo. Ndachepetsa: Gogo. Ndachepetsanso: Go.

Cha m'ma leveni Chanda watulutsa mawu! "Bvuuu." Ndathamanga kukaitana Ba Mwape adzakhale mboni. Amvetsera, akuti, "Iyo ni basi ya ku Matero pa chitunda." Ndaganiza zokauza mlendo kuti kwathu ku Dedza Bvuu ndiye agogo. Koma bodza la dzulo likadali pakhosi, ndipo mawa ndi mgonero. Ndasiya.

Afika. Ndawaonera patali agogo a Chanda: mayi wamfupi, chitenje chomanga zolimba ngati wopita kunkhondo, thumba la chinangwa pamutu. Mwana wawo, bambo a Chanda, akuyenda pambuyo ngati wogwidwa.

Jekete ndasita. Denga ndagogoda kawiri.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi abwera onse pakhonde. Agogo a Chanda pampando wanga, Bana Chanda chogwada pambali, bambo ake chilili, osatsegula pakamwa, mwina nawonso alowa gulu lathu. Esinati ndi Mulenga alipo; Mulenga wagona pamphasa chifikire. Mlendo wandibweretsera chinangwa chootcha, zidutswa zitatu pambale.

Ndaimika Chanda patsogolo. Ndati Agogo. Chete. Ndati Go. Chete. Ngakhale Bvuu yemwe wandikaniza.

"Mwaona? Mailo niyenda naye," atero mlendo; mailo ndiye mawa.

Bana Chanda maso pansi, misozi ikudontha pachitenje. Ndaima, ndalankhula za makutu, za asisitala, za kalasi, za mgodi. Andisiya ndithe, amenewa ndi mayi waulemu. Kenaka akuti, "Va makutu namvera. Koma mu mutu muli chani? Nionetseni."

Ndamuuza apemphe madzi. Wakana. Chibakera wakana. Masaya atupa, milomo watseka ndi mphamvu. Ndati basi, ndamutaya mwana wa eni.

Ndipamene mlendo wayang'ana pambale. Zidutswa ziwiri! Waloza mbale, watambasula manja, nkhope yonse ikufunsa. Chanda wabwera patsogolo, wakhazika nkhope yachisoni ngati mboni ya pakhoti. Watsina mphuno. Waloza mbale. Waika dzanja pakamwa. Wayendetsa zala ziwiri pamkono, waloza kuseri kwa nyumba. Wapukusa mutu, kudandaula ndi kuipa kwa anthu. Nyenyeswa za chinangwa zili mbuu pachibwano.

Esinati, amene wasunga pakamwa masiku atatu, zamukanika. "Akamba ati Mulenga ndiye wadya, wathawa nacho kuseri. Koma ni boza! Mulenga ali gone. Chili mukamwa!"

Agogo amuyang'ana Chanda. Amukoka, amutsegula pakamwa ndi chala. Chinangwa chilimo, theka. Ndiye kuseka! Aseka mpaka kutsokomola, mpaka Mulenga kudzuka ndi kulira mlandu wosaudziwa. Atembenukira mwana wawo: "Uyu ni iwe! Wenze kudya kapenta wanga, wanamizira pusi, na nkhope yamene iyi." Bamboyo akanda m'mutu. Kwa ine akuti, "Chipuba sichipanga boza ya so, na mboni, na njira yothawira. Uyu ku munzi azanisiliza. Musungeni kuno, ayende ku kalasi yake."

Asanachoke apempha Esinati awaonetse mmene amanenera ndi manja kuti bwera. Ayesa, alakwitsa, Chanda wawakonza zala. Wawapatsanso dzina: manja awiri m'chiuno, kukoka mfundo zolimba. Apita nalo ku Kasama.

Tsono ndilembe zoona, poti kope silinamizidwa:
– Mawu olonjeza: asanu ndi awiri.
– Mawu olankhulidwa: palibe.
– Bvuu: sawerengedwa.

Ndalephera. Bana Chanda agwada, andigwira manja onse awiri, koma kulephera ndalephera ndithu. Fanelo ndabweza.

ANabanda afika mawa. Anati musawaphunzitse kanthu. Apeza ana asanu ndi mmodzi, onse amoyo, denga loyenderedwa, olankhula ndi pakamwa ochepa, ndi wabodza mmodzi wa luso lake, wophunzira kwa ine. Apezanso Ba Cheyamani akuwatsinira mphuno pamsewu. Adzakalipa mpaka kumsika kumveka.

Kukiliniki ndipita, akaone makutuwa. Koma Lachitatu. ANabanda ayambe atha kukalipa.