Bwato la Che Saidi linakana kundilavula

Ngati munamvapo za mayi wina amene anakanirira m'bwato padoko la ku Chiuta mpaka asodzi kuchita kumuzula ngati chinangwa, musavutike kufunsa kuti anali ndani. Ndinali ine. Ena akamakamba amathira mchere, ati mpaka anadula bwato ndi nkhwangwa. Limenelo ndi bodza. Ndilekeni ndifotokoze ndekha, poti mwini nkhani ndikadali moyo.

Pobwerera kwathu kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira, nkhondo itatha, ndinali kamunthu kowonda, kapulana (ndicho chitenje kwathu kuno) ndinkachita kuzunguliza kawiri. Ine ndi amuna anga, bambo a Zione, tinayamba geni ya makumba ndi milamba youma pa Entre Lagos, kenako tinatsegula kabaraka ka tiyi ndi mandasi pafupi ndi siteshoni. Mulungu anadalitsa geni, geni inadalitsa thupi. Musandiweruze msanga. Munthu amene wakhala zaka akuima pamzere wa ufa wachikasu, mimba ikakhuta mtima sumva. Mandasi otsala ndinkadya ine, otentha ndinkalawa ine. Ndipo panalibe wodandaula. Bambo a Zione ankayenda pambuyo panga monyada, anthu n'kumati, "Koma bambo inu mumasamala!"

Amayi anga sanauone mtendere umenewu. Anamwalira tikuthawa, kufupi ndi mudzi wathu wakale cha ku Amaramba, ndipo tinawaika mothamanga pansi pa mkuyu wina, pambali pa chulu. Oika malirowo tinalipo atatu. Awiri aja anatsogola, wodziwa malowo ndinatsala ndekha. Tsiku lina achimwene anga anabwera kubaraka, tiyi anakana.

"Chemwali, anthu abwerera kumudzi kuja, akutsegula minda. Mitengo ikugwa. Tikachedwa, amayi adzawalima pamutu. Tiyeni mukandionetse, timange chiliza."

Kumeneko msewu kulibe. Ulendo umayamba pabwato kudutsa m'mabango, kenako wapansi mtunda wautali. Tinapangana ndi Che Saidi, msodzi wa bwato losema. Atandiona, anayang'ana bwato lawo, n'kuyang'ananso ine.

"Mama, mulowe cham'mbali."

Ndinalowa cham'mbali, n'kutembenuka kuti ndikhale bwino. Chiuno chinangoti gwa! Bwato linazama, madzi kufika m'milomo mwake tisanachoke n'komwe.

"Iyayi mama, sitifika. Tsikani."

Kutsika kwake kuti? Ndikati ndidzuke, bwato linkadzuka nane. Amayi ochapa anasiya zochapa, asodzi anasiya maukonde. Wina anabweretsa sopo n'kuthira thovu m'mbali monse. "Tulutsani mpweya, mama!" Ndinatulutsa (wina unatulukira kosayenera, koma zimenezo tizisiye). Ena kukoka manja, ena kugwira bwato, ndinazuka n'kukagwera chafufumimba m'matope. Kapulana yanga inatsala m'bwato. Achimwene anatembenukira kuthengo ngati kuli wowaitana.

Kuseka kwa anthu sikunandilize. Chinandiliza n'chakuti amayi anga anali tsidya lija, ndipo chonditsekera njira sichinalinso nkhondo, koma thupi langa lomwe. Ndinalumbira m'matope momwemo kuti bwato limeneli ndidzalikwera.

Ndinayambira kuchipatala. A namwino, amene kuno timati a enifirimero, anandikweza pasikelo, muvi unazungulira mpaka kukagunda kumapeto. Anandimanga kansalu kopopa pamkono, n'kupukusa mutu.

"Magazi akuthamanga kwambiri, mama. Kumizinda ikuluikulu akuti amang'amba pamimba n'kuchepetsa chifu, koma kuno..."

"Mpeni ayi," ndinawadula. "Ine ndimatumbula nsomba tsiku lililonse, palibe imene ndinaiona itadzuka."

Anaseka, n'kunena kuti basi ndichepetse mafuta, shuga ndi mandasi, ndipo ndiziyenda. Malangizowo ndinawaona ochedwetsa. Ine ndinkafuna zachangu.

Mnzanga Abiti Amidu, Msilamu woyandikana naye nyumba, anandipatsa nzeru. "Amake Zione, Ramadani yayandikira. Musale nafe, muona thupi likusungunuka lokha."

Ndinasala ndithu, Mkatolika ine, ngakhale madzi osalawa. Vuto linali pomasula. Mbiri itamveka kuti amake Zione akusala nawo, khomo lililonse lachisilamu linafuna madalitso ondimasulitsa. Dzuwa likangolowa, futali wa chinangwa kwa Abiti Amidu, futali wa mbatata kwa apongozi awo, mpunga wa mlamba kwa ashehe. Mbale yoperekedwa ndi manja awiri ungaikane bwanji? Mwezi wosala utatha, Abiti Amidu anali atapepuka ngati mtsikana, ine bulauzi itasiyiratu kutseka.

Ndinabwerera mwamanyazi kunjira yochedwa ija. Mandasi ndinkakazinga nditamanga kansalu pamphuno. Tiyi wopanda shuga, nsomba yowotcha, masamba ambiri, mtanda wa nsima umodzi basi. M'mawa uliwonse ndinkayenda m'mbali mwa njanji, wopanda katundu pamutu, wopanda kopita. Tsono kuno munthu sayenda wopanda kopita.

"Maliro ali kuti, mayi?"

"Kulibe, ndikungoyenda."

"Mwayambana ndi abambo?"

Masiku oyamba ntchafu zinkakhulana mpaka zilonda, mawondo kulira ngati chitseko chakale. Kangapo konse ndinakhala pansi n'kufuna kusiya. Koma ndikaona chitsa chatsopano m'munda mwa munthu, ndinkadzuka n'kuwonjezera mtunda.

Mvula inabwera n'kupita. Kapulana inayamba kukumana bwinobwino, ndipo pamenepo ndi pomwe mavuto atsopano anayambira. Nthawi imeneyo munthu akamawonda, aliyense ankadziwa dzina la matenda ake, ngakhale sankalitchula. Ogula anayamba kulambalala baraka yathu. Bambo a Zione anthu ankawayang'ana cham'mbali, mpaka anandidandaulira.

"Amake Zione, mukundivula. Ena akuti sindikukudyetsani, ena akuti ndakubweretserani. Tangodyani pang'ono, thupi libwerere."

"Ndisiyeni. Amayi akundidikira."

Lamlungu lina amayi akutchalitchi anabwera kudzazonda wodwala. Wina phala la nsinjiro, wina nthochi, wina nkhuku yamoyo. Anandigoneka pamphasa mokakamiza n'kuyamba nyimbo yapansipansi, ija timaimba zinthu zikafika povuta. Mtsogoleri wawo anandigwira dzanja.

"Limbani mtima, mayi. Idyani kuti mupeze mphamvu."

Ndinayesa kufotokoza za bwato, iwo n'kumagwedeza mitu mwachisoni (wodwala aliyense amakana, ndimadziwa, inenso ndinazondapo). Mtima unandiwira. Ndinadzuka n'kumanga kapulana.

"Amene akuti ndikudwala anditsate!"

Ndinawatsogolera kunjanji atavala mayunifolomu awo omwewo. Tisanafike pakamlatho, mtsogoleri anali atakhala pansi akupempha madzi. Phala lija anamwa iwowo. Nkhuku sindinabweze.

Chilimwe chitafika tinabwerera padoko ndi achimwene, ine nditavala kapulana yomwe ija. Tinapeza Che Saidi akumwetulira pambali pa boti lamatabwa, latsopano, lotakata.

"Mama, ndinagula ili. Tsopano ngakhale mutabwera awiri ofanana."

Ndinatsala pang'ono kuwamenya ndi nkhafi. Chaka chathunthu cha tiyi wowawa!

"Kokani lakale lija."

"Likudontha, mama."

"Kokani."

Ndinalowa molunjika, ndinakhala, malo a dzanja n'kutsalako uku ndi uku. Njira yonse ndinali kukapa madzi ndi chikho, ndipo ndinafika nditanyowa mpaka m'chiuno, koma ndinafika m'bwato lomwelo.

Kumtunda ndi komwe ndinazindikira kuti boti lotakata silikadandithandiza kanthu. Ulendo wapansi unali wautali, wamchenga, dzuwa lili ng'aa. Achimwene ankapempha kupuma pamthunzi uliwonse, ine ndili patsogolo. Mitengo yambiri imene ndinkaidziwa inali itagwa. Mkuyu uja tinaupeza atausonkhera kale moto patsinde, mwini munda akungodikira kuti ugwe. Chulu chinalipo. Tikadachedwa mvula ina, pamenepo pakadamera chimanga.

Ndinagwada (zaka zingati ndisanagwade osagwira chinthu!). Ndinakumbuka tsiku lomaliza la amayi, tili ndi kachinangwa kamodzi. Amayi anakakana, n'kundiika m'manja. "Idya iwe, ulendo ukadali wautali."

Ndinagwira dothi lija. "Amayi, ndabwera. Ndinadya monga munanenera. Kungoti simunandiuze polekera."

Achimwene anaseka misozi ili mbwee m'masaya.

Chiliza tinamanga. Mandasi ndimakazingabe, ndipo ndisakunamizeni, ena amasowa m'beseni mosadziwika bwino. Koma chaka chilichonse ndimapita kukalambula manda, ndipo ndinawapempha Che Saidi kuti bwato lakale lija asaliwaze nkhuni. Anthu amanyengerera, bambo a Zione amanyengerera. Limene lija silinyengerera munthu.