Kuthamangira Bwato Langa

Lolemba

Dziko lidziwe, nkhuku nazo zitchere khutu: ine mwini kope lino, wa Sitandade 4 ya ku mishoni, mpalasi wa zaka makumi asanu pa nyanja ino, kuyambira lero ndine Tcheyamani, Mlembi ndiponso Katswiri wa Gulu la Madala Othamanga la kuno ku Lungwena. Chisankho chachitikira kuseri kwa khola. Wopikisana nane panalibe, monga mwa chizolowezi cha dziko lathu. Mzere umenewu ndiufufuta mawa.

Gwero la zonsezi ndi a Agnesi, akazi anga. Akuti ndakalamba. Akuti bwato ndimpatse Dunstani, mwana wa mlongo wanga, bambo wa ana anayi amene amapalasa ngati akutakasa phala. Mlandu wanga ndi woti mwezi watha mphepo ya mwera inandikankhira kufupi ndi Makanjira, n'kubwerako wapansi masiku awiri. Kodi mwera umafunsa zaka?

Ndawauza zimene ndinamva pa wailesi, kuti kunja nkhalamba zimachita mipikisano ya liwiro. Iwo: "Chabwino, bambo. Loweruka muthamange mayadi zana pa bwalo la sukulu, osaima, osakhala pansi. Mukafika pa chingwe bwato ndi lanu. Mukalephera nkhafi mupereke."

Ndavomera. Koma kugwa ndekha pagulu, ayi. Ndiitana madala onse, manyazi tigawane.

Lachiwiri

Ndayenda khomo ndi khomo. Uthenga wanga: thupi la nkhalamba lili ngati njinga, ukaliimika limachita dzimbiri. Ndapeza anthu asanu ndi mmodzi! Odziwika ndi awa:

Che Barnaba, katekisiti wopuma, amene anatiphunzitsa tonse a-e-i-o-u ndi chikoti.
Che Yohana, amene bondo lawo limalosera mvula kuposa wailesi.
Che Petulo, miyendo yabwino ndithu, makutu anatseka kalekale.
Atatu enawo akuti aonera kaye.

Masewera ake:
1. Liwiro, mayadi zana.
2. Kuponya mwala wa nangula.
3. Kuponya nthungo.
4. Kudumpha.

Kudumphako palibe angandithe. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudumphira m'tchire ndikaona apongozi anga, amayi a Agnesi, akubwera m'njira. Mkamwini sakumana maso ndi apongozi, ndiye mwambo. Anzanga apongozi awo anapita kale kukapuma. Anga imfa inawaiwala, adakayendabe ndi ndodo m'njira zonse zimene ine ndimafuna kudutsa.

Lachitatu

Tsiku loyamba kuyeserera. Kabudula wa khaki, nsapato palibe. Ndanyamuka pa tchalitchi m'mawa, kulunjika kudoko kumene amayi amagula usipa.

Ndalakwitsa chinthu chimodzi: sindinachenjeze anthu. Kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti kumbuyo kuli ng'ona, kapena achinyamata a malaya ofiira ofunsa makhadi a chipani. Wina wangokuwa, "Akubwera!" Basi doko lonse balalabalala! Madengu pansi, usipa mumchenga, agalu pa phwando. Mayi wina wandipitirira ali ndi mwana kumbuyo ndi beseni pamutu. Che Petulo, osamva kanthu, aona anzawo akuthawa, nawonso liwiro mpaka m'mabango.

Ine ndaima pa mtengo wa bwemba, dala, kuti ndione luso la anthu. Chifuwa chikuotcha pang'ono. Ndi mphepo ya m'mawa.

Phindu la lero: ndadziwa kuti m'mudzi muno muli akatswiri ambiri. Vuto lake, onse alibe makhadi.

Lachinayi

Andiitana a tcheyamani a nthambi ya chipani. Tcheyamani weniweni, wokhala ndi wopikisana naye m'maloto okha. Andikhazika pa mkeka, iwo pa mpando.

"Madala, munkathawa chiyani?"
Ndati sindinkathawa, ndinkathamanga.
"Wothamanga amakhala ndi chomuthamangitsa."
Ndati ndi a Agnesi. Amvetsa msanga, nawonso ndi okwatira.

Chilolezo aperekadi, pa mfundo izi:
aliyense wothamanga khadi m'thumba;
nthungo ayi, madala okhala ndi nthungo pa bwalo angamveke molakwika ku boma;
iwo alankhula kaye ndipo wezulo aimba okha;
gulu lisakhale ndi tcheyamani wina. Ndatsitsidwa, tsopano ndine Mlembi chabe.

Atatu oonera kaye aja amva za makhadi. Mmodzi wadwala msana, awiri apita kumaliro ku Namwera. Maliro ake sakudziwika kuti ndi a ndani.

Madzulo ndapeza Dunstani akuyeza bwato langa ndi mapazi. "Ndimangoona, amalume, ngati phula lomatira ming'alu likufunika." Phula!

Lachisanu

Kuyeserera kwa onse pa bwalo la sukulu. Tatsala anayi.

Mwala wa nangula: Che Yohana aunyamula bwinobwino, auponya mtunda wa chala chimodzi. Chala chake n'chawo chomwe, cha kuphazi. Tatsala atatu. Kudumpha tachotsa, akuti dzenje la mchenga likufanana kwambiri ndi kumene tikupita.

Liwiro: ndawerenga mpaka katatu, tanyamuka. Che Barnaba patsogolo, kuyenda kwa pa ukaristiya, manja kumbuyo. Che Petulo afika pa msana pawo, n'kuchepetsa. Ine chimodzimodzi. Ndani angapitirire mphunzitsi wake, n'kumuonetsa zidendene ndi kumuthira fumbi? Tafika pa chingwe mondondozana ngati tikupita kukalandira mgonero. Ana a sukulu atiombera m'manja mwaulemu.

Ndawapempha Che Barnaba akhale woweruza. Akondwa: "Ndimadikira kuti wina anene."

Kunena zoona liwiro la lero landikomera. Chifuwa chili phee. A Agnesi andiyang'ana nthawi yaitali pamene ndimatsuka mapazi. Andiwonjezera ndiwo.

Loweruka

Tsiku lalikulu! Mudzi wonse pa bwalo, ngakhale a ku Namwera aja abwerako kumaliro. A tcheyamani alankhula mpaka mthunzi wa golo wasuntha. Othamanga: ine ndi Che Petulo.

Wezulo! Che Petulo sanaimve, akumangabe lamba. Bwalo lonse langa ndekha!

Mayadi makumi awiri, ndikuuluka. Makumi anayi, amayi nthungululu. Makumi asanu ndi limodzi, chingwe ndikuchiona, bwato ndikuliona. Kenaka ndani uyo kutsogolo, mbali ya chingwe, ndodo m'manja? Apongozi! Miyendo yachita zimene yaphunzira zaka makumi anayi. Ndapatuka, ndadumpha mpanda, ndili gada m'munda wa chinangwa wa aphunzitsi.

A Agnesi akuwa kuti onse amve: "Apatukira amayi! Amuna anga ndi aulemu, sangathamangire apongozi awo atavala kabudula!" Bwalo lonse m'manja. A tcheyamani ati uwu ndiye mwambo umene tiyenera kusunga. Che Petulo aona anthu akuwomba, anyamuka, afika pa chingwe okha. Katswiri wa Lungwena.

Che Barnaba aweruza: ulemu ndapambana, chingwe sindinafike. Pangano ndi pangano.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi ndatenga nkhafi, ndakampatsa Dunstani kudoko. Walandira ndi manja awiri, atagwada. Ndamuonetsa pamene bwato limalowa madzi, ndi kuti mwera ukayamba asalimbane nawo, angoutsata. Akuti nsomba yoyamba tsiku lililonse ndi yanga, ndipo ukonde ndizimusokera ine poti iye amasoka ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Mutu wa kampango ndauitanitsiratu.

Gulu la Madala Othamanga silinafe. Che Petulo akufunsa kuti mpikisano wina uli liti, amayi atatu a m'kwaya akuti nawonso alembedwe. Ndikhala Mlembi. Kulemba sikuotcha chifuwa.

Tsopano, poti lero ndalandira mgonero, ndikonze za dzulo. Apongozi pa chingwe panalibe. Anali kutali, pa khonde la sukulu, atafulatira, akuwodzera. Ndinawaona nditagona kale m'chinangwa. Chimene chinandipatutsa ndi mpweya: unatha pa mayadi makumi asanu, maso anachita mdima, ndipo ndinasankha kugwera pofewa. Ndikanakhala pakati pa nyanja sikukanakhala chinangwa.

A Agnesi anaona zonse. Bodza lija analiyamba ndi iwo, ine ndangolikongoletsa. Lero angonditambasulira mkeka pamthunzi n'kundiikira ukonde wong'ambika pambali.

Mzere wa Lolemba uja sindinafufutebe. Mawu a lerowa ndiwo ndiyambe kufufuta.