Matepi a kwa a Jafali

Lolemba

Ntchito yapezeka! Kapena nditi yatsala pang'ono. A Jafali, eni sitolo yoyang'anana ndi msika wa Katete, agula vidiyo ndi katoni ya matepi kwa mzungu wa zamisewu amene akubwerera kwawo. Loweruka akutsegula kanema kuseri kwa sitolo, ndipo akufuna munthu woima pambali kumasulira m'Chinyanja zimene azungu akunena. Ndawauza kuti ku Lusaka, asanandichotse ntchito, kanema ndinkaonera ngati kumwa madzi. Ndawonjeza kuti ine mantha sindiwadziwa. Chimenecho sanandifunse n'komwe.

Matepi alibe mayina, mapepala ake mphemvu zinadya. Akuti ndiwaonere ndekha m'chipinda cha matumba a mchere, ndiwapatse malikisi pa khumi, yopambana ndiyo ya Loweruka. Lamulo ndi limodzi: okhudza makina a vidiyo ndi iwo okha.

Ntchitoyi ndiyenera kuipeza. Alamu anga, amuna a mlongo wanga kumene ndikukhala, ayamba kale kufunsa ngati mabasi a ku Lusaka anasiya kuyenda.

Yoyamba ndaitcha Ya Kalilole. Bambo akumeta ndevu, waleka, koma wa m'kalilole sakuleka. Mathero sindinawaone, ndinali kufuna batani langa pansi pa benchi. Malikisi 2. Kajambulidwe kosalongosoka.

Lachiwiri

Sindinamete. Kalilole wa alamu ndamutembenuzira kukhoma.

Lero Ya Makina Osokera. Mwini makina anafa kalekale, koma makina akusoka okha, ndipo wovala malaya ake kolala imamufinya pakhosi mpaka lilime panja. Mayo ine! Potuluka ndapeza telala wa pakhonde la a Jafali akupalasa makina ake. Ndabwerera, ndatulukira khomo la kumbuyo, ndadumpha ngalande.

A Jafali: "Achimwene, thukuta lonseli bwanji?" Ndati jenereta ikutentha. Jenereta ili panja, pansi pa mtengo wa mango.

Malikisi 1. Nkhani yosaphunzitsa kanthu.

Lachitatu

Ya Manda. Akufa akudzuka ndi kuyenda mwakachetechete, dothi likuyoyoka m'makutu. Ndaonera m'mipata ya zala.

Amayi Phiri ogulitsa zitumbuwa anali kusuzumira pazenera. Iwo osaopa, akwiya. "Nanga maliro kuika anthu anayi okha, popanda wolira, popanda kugona pasiwa, ati asadzuke? Ngakhale ine ndingadzuke!" Atero akutafuna.

Malikisi 1. Azungu saika bwino maliro. Maganizo amenewa ndawalemba ngati anga.

Zimene ndasiya mpaka pano:
kumeta
malaya a kolala
njira yachidule ya kumanda (tsopano ndizungulira kumsewu waukulu)
kupita kuchimbudzi popanda kuimba
tulo

Lachinayi

Mulungu alipo! Tepi ya lero ndi yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Mkulu wina wakhala pasiteshoni akukonza ambulera. Sitima siikubwera. Mvula siikubwera. Mayi wina wafika, wamuyang'ana, wapita. Ndagona pang'ono, ndadzuka, mkuluyo akadali pa ambulera yake. Palibe wafa, palibe wadzuka. Misozi yalengeza m'maso chifukwa chothokoza.

Ya Ambulera: malikisi 10! Ndauza a Jafali kuti iyi ndiyo kanema ya anthu ophunzira, yozama, ku Lusaka amaimirira pamzere kuti aione. Afunsa ngati muli ndeu. Ndati ndeu yake ndi ya mumtima. Andiyang'ana nthawi yaitali, koma avomera.

Lachisanu



Masana a Jafali aika tepi yotsiriza, atseka makomo onse a sitolo ndi maloko, apita kumzikiti. Aiwala kuti mkati muli munthu. Kanema yake ndi ya nkhokwe ya matumba. Matumba, ine ndili pakati pa matumba! M'kanemamo thumba limodzi layamba kupuma. Pamenepo kumbuyo kwanga kwamveka tswatswa. Ndi khoswe, ndikudziwa kuti ndi khoswe, koma miyendo siidziwa.

Kuzimitsa makina sindingathe, lamulo. Komanso kuti ndifike pamakina ndiyenera kuyandikira thumba lopumalo. Ndaimba nyimbo zonse za kutchalitchi zimene ndikumbuka, ina kawiri. A Jafali pobwera andipeza pamwamba pa sikelo. Ndati ndikudziyeza.

Ya Matumba: 0. Iyi ayenera kuitentha.

Loweruka

Anthu adzaza mpaka pakhomo. Alimi ochokera ku Sinda, makondakitala a mabasi, amayi Phiri ndi beseni lawo la zitumbuwa, ndi alamu pabenchi yakutsogolo, manja apinda.

Ya Ambulera yayamba. Ndamasulira bwino kwambiri: "Apa akuganiza." Patapita nthawi: "Apa akuganizabe." Kondakitala wina: "Iwe mudala, faiti iyamba taimu bwanji?" Mkulu wina wa ku Sinda wati ambulera imeneyo akanamupatsa iye bwenzi itatha kale. Ena ayamba kuimirira, ati awabwezere ndalama za pakhomo.

A Jafali sanandiyang'ane n'komwe. Atulutsa Ya Ambulera, apisa dzanja m'katoni, aika imene yagwirika. Ya Matumba.

Zimene ndinamasulira sindizikumbuka bwino. Akuti ndinafulatira kanema n'kumakuwa, "Bambo inu musatsegule thumbalo! Muli ndi ana!" Akuti ndinatchula dzina la mayi anga. Thumba litang'ambika ndinalumpha benchi yonse ya alamu n'kukagwera m'beseni la zitumbuwa. Anthu aseka mpaka ena kugona pansi. Mkulu wa ku Sinda anachita kumutulutsa panja kuti apume.

Manyazi andigwira, ndalira kuseri kwa jenereta. Ntchito yapita. Thalauza lonse mafuta okhaokha.

Lamulungu

Ndalongedza chikwama m'mawa. Kutchalitchi sindinapite, nkhani yafika kale kumeneko.

Ndisanatuluke a Jafali afika panjinga, nkhope ili ngwee. Ntchito ndi yanga. Akuti anthu akufunsa kale za mawa, ena atuma uthenga ku Vubwi kuti abale awo abwere. Mabenchi awatembenuza pang'ono kuti onse azindiona bwino. Kumsika ayamba kupereka malikisi awoawo: kanema yabwino ndi imene ndalumpha benchi, ya kungobisa nkhope ndi yapakati. Ya Ambulera aipatsa 0. Ndipo a Jafali aitanitsa katoni ina ku Chipata, auza wogulitsa kuti asankhe zoopsa zokhazokha.

Alamu andigwira chanza koyamba chibwerere kuno. Ati ndikhale mpaka kalekale, malinga iwo azilowa ulere.

Pokwera njinga a Jafali atembenuka: "Koma achimwene, chonde musazolowere. Tsiku limene mudzasiye kuopa, ntchito yatha."

Pamenepo asade nkhawa. Ndamasula chikwama. Thumba la ufa la mlongo wanga ndalitulutsa panja, ndaikapo mwala.