Kwa Bwana Amene Anasungunula Hatchi Yathu

Olemekezeka Bwana Mkulu wa kampani ya makompyuta yomwe ikuchita lendi chipinda chapansi pa nyumba yathu kuno ku Karaganda,

Ndagwada, bwana, ngakhale pansi pakuzizira. Ine ndine Zhanerke, mwana wa mayi Saule amene amakhala pamwamba panu penipeni. Sukulu ndinalekezera ku sekondale, ndiye mundikhululukire ngati nzeru zanu zina sindikuzimvetsa. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti chisanu ndi chuma. Makolo athu anakalamba akungochitukwana. Inu mwabwera, mwaboola khoma, mwatulutsa mapaipi a madzi otentha ochokera m'makompyuta anu, n'kupachika panja maredieta, zitsulo zotayira kutentha zija, kuti mphepo ya Januwale iziwaziziritsa ulere. Injiniya wanu uja wa jekete lofiira anandiuza kuti kumayiko a anthu ozindikira amatero. Ndinamufunsa ngati kumayiko amenewo pamwamba pa maredieta pamakhalanso anthu. Anati funso limenelo n'la ku ofesi. Ku ofesi anati n'la injiniya.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chilimwe chimene mwatibweretsera pakhonde. Mwina simudziwa, poti inu nyama mumagula yokulungakulunga m'sitolo, kuti khonde lam'mwamba kuno si lomwerapo tiyi. Ndi nkhokwe. Chisanu chikangogwira, amalume a Kanysh amapha hatchi kumudzi n'kutitumizira gawo lathu la sogym, nyama yoti itifikitse m'Malichi. Mayi ndi ine tinaithira mchere, tinalonga nthiti m'matumbo kupanga kazy, soseji yathu ija, mpaka zala kuchita dzanzi. Chaka chilichonse tikaipachika pakhonde imauma gwa ngati mwala. Chaka chino mafani a maredieta anu akupemerera mpweya wofunda molunjika pamenepo osapuma. Hatchi yasungunuka, bwana. Ikuchucha. Amphaka a mumsewu wonse achita msonkhano pansi pa zenera lathu, ndipo a Lyudmila oyandikana nafe, amene sanatipatsepo moni chisamukireni, anagogoda kudzafunsa ngati m'nyumba muli maliro amene tikubisa.

Chachitatu, ndiyamikire chifundo chanu pa akhwangwala. Tsopano amandandalika pa maredieta anu kuotha, anenepa, ena aiwala n'kuuluka komwe. Uku mayi anga akugona atavala chikhoti ndi nsapato zaubweya, chifukwa mapaipi ofunditsa nyumba yakaleyi amazizira ngati mphuno ya galu. Nyama yochepa imene tinaipulumutsa taipachika kuchipinda kwa mayi, ndipo ndikuuzeni, ikusungika bwino kuposa pakhonde. Ndinauza injiniya uja kuti mapaipi anu atangokwera pang'ono n'kudutsa m'nyumba mwathu, makompyuta angazizire, mayi n'kufunda, hatchi n'kuuma. Anaseka. Anati chemwali, zimenezo sizili pa pulani.

Tsono vuto lili apa. Loweruka likubwerali ndi tsiku limene akuluakulu a kuchimuna amabwera kudzalawa nyama yoyamba ya sogym. Ndi chaka choyamba chimwalirireni bambo, ndipo azakhali a Bibigul akhala akunena poyera kuti nyumba yopanda mwamuna siingasunge ngakhale fupa. Mayi sangawabweze alendowo, komanso sangawaphikire nyama ya m'sitolo, azakhaliwo amainunkhiza akadali pa masitepe. Mayi amangotuluka pakhonde, kuigwira nyama ija, kuinunkhiza, n'kubwerera.

Choncho pempho langa n'laling'ono. Sindikuti muzimitse makompyuta anu, ndani ine. Ngati mapaipi sangakwere, maredieta asunthireni ku khoma lakumbuyo kumene kuli mabini. Zimenezonso zikakhala kuti sizili pa pulani, bwerani Loweruka mudzadye nafe. Tidzakukhazikani pa malo aulemu, kutali ndi chitseko, pakati pa amalume ndi azakhali, kuti muwafotokozere nokha za kumayiko a anthu ozindikira. Mukudziwa kuti mlendo wolemekezeka ndiye amayamba kulawa, ndipo sakana mbale. Ndakusungirani kazy imene inali pamwamba penipeni pa fani yanu yaikulu. Yabiriwira bwino. Ndi yokhayo imene amphaka aikana.

Ine wanu wapansi, ngakhale ndimakhala pamwamba panu,

Zhanerke Sapargali
Khomo la khonde lochucha, simungasochere