Mmene ndinasandukira kaputeni wa ku Curieuse

Mpaka lero ndikaona chithunzi cha kamba ndimayang'ana kumbali, chonsecho kamba sanandilakwire kalikonse. Wolakwa ndine, pamodzi ndi khosi langali lomwe linaleredwa ku Ntchisi.

Ndinafika ku Dublin kudzachita maphunziro a zosamalira chilengedwe. Miyezi iwiri yoyamba ndinkatha masiku atatu osayankhula ndi munthu, kupatula dalaivala wa basi amene ndinkamuthokoza potsika (kuno ndi mwambo, ndipo ine ndinkathokoza motalikitsa kuti mawu anga asachite dzimbiri). M'kalasi anzanga ankandimwetulira bwinobwino, koma phunziro likatha aliyense ankanyamula chikwama chake n'kuzimiririka. Ine ndinkabwerera m'kachipinda kanga, kuyatsa hita, n'kumamvetsera mvula. Ndinkasungulumwa, abale, moti tsiku lina ndinapatsa moni firiji.

Ndiye linafika tsiku logawa ntchito. Aphunzitsi athu, mayi wachikulire wa imvi mbuu, ankapatsa aliyense malo otetezedwa oti akafufuze n'kudzafotokoza pamaso pa kalasi. Ine anandipatsa Curieuse, kachilumba ka ku Seychelles, pakati pa nyanja yamchere.

“Iweyo ndakusankhira dala,” anatero. “Ndi kufupi ndi kwanu. Uyenera kuti unafikako, si choncho?”

Kwathu munthu wa imvi akalakwitsa pagulu sumukonza pomwepo. Umavomera ndi mutu, kenako umamutsata pambali n'kumunong'oneza. Ndiye ndinavomera ndi mutu, ndili ndi maganizo owatsatira ku ofesi. (Madzi aakulu omwe ndinali nditawayandikirapo m'moyo wanga anali a mtsinje wa Bua, nawonso ndili pa mlatho m'minibasi.)

Ku ofesi kuja sindinafikeko. Pakhomo pa kalasi anandiimitsa Ciara, mtsikana wa ku Skerries, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, amene ankakhala mpando wa kutsogolo kwanga ndipo anali asanatembenukepo n'kamodzi komwe.

“Zoona unawaona akamba aakulu aja?” anafunsa maso ali gwa. “Tiye tikamwe tiyi, undiuze zonse mawa ukapeza nthawi.”

Miyezi iwiri palibe anali atandiitanirapo ngakhale madzi akumwa. Mukanakhala inu mukanatani?

Masana onse a tsiku limenelo ndinakhala mu laibulale. Ndinapeza kuti kalelo pachilumbachi ankatayapo anthu odwala khate, kutali ndi abale awo, ndipo mabwinja a tinyumba tawo alipobe, pamodzi ndi nyumba ya dokotala imene pano alendo amalowamo kukaona zakale. Akamba a pamenepo anatha kalekale, amene alipo lerowa anachita kubwera nawo kuchokera ku chilumba china. Dothi lake ndi katondo, ngati kumunda kwa bambo anga. Kuli mitengo yomera m'matope amchere, imene anthu amadutsa pakati pake pa kamlatho ka matabwa, ndiponso mtundu wina wa kokonati wamkulu wooneka ngati matako a munthu (sindikupeka ine, kaoneni nokha). Masiku ano alendo amafika m'mawa pa boti, kujambula akamba, kudya nsomba yootcha, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwawo. Za akhate aja ndinaziwerenga kawiri. Munthu kumusiya pachilumba, tsidya linalo akuliona koma osafikako: zimenezo ndinkazifotokoza bwino kwambiri osayang'ana n'komwe m'buku.

Pa tebulo la tiyi tinayamba tili awiri, sabata yotsatira tinali asanu. Vuto lake, bodza limafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Poyamba ndinati ndinangokhalako tsiku limodzi. Lachitatu tsikulo linakula n'kukhala sabata. Pofika Lachisanu ndinali nditathandizapo alonda a pachilumbapo kuyendetsa boti, ndipo kamba wina wokalamba ankazindikira mawu anga. Anthu ankaseka, ankandisungira mpando, wina anayamba kundigawira mabisiketi ake.

Munthu yekhayo amene ndinamuululira anali a Tembo, bambo wa ku Chipata amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tinkakumana mwa apo ndi apo pa Moore Street pogula ufa ndi nyemba.

“Imwe a Malawi!” anatero akugwira m'nthiti. “Nyanja mwaiona pa foni chabe, manje ndimwe captain? Muwauze truth pa Monday, before vinthu vivute.”

“Ba Tembo, ndikanena ndibwereranso kokadya ndekha.”

“Nanga ine nimadya na ndani?” anatero, n'kunyamula jumbo lawo kuthamangira shifiti ya two o'clock.

Lolemba lija sindinanene. Woyamba kuyankhula anali Ciara, ndisanakhale n'komwe pansi. Bambo ake ali ndi kaboti ku Skerries, ndipo Loweruka ankapita kukaona misampha yawo ya nkhanu pafupi ndi tizilumba ta kumeneko. “Ndawauza kuti ndiwe munthu wa maboti,” anatero. “Akondwa kwambiri, akuti apeza wowathandiza.”

Tinakwera sitima ya pamtunda ya m'mawa. Padoko mphepo inkalowa mpaka m'mano. Bambo ake a Ciara, mdala wa manja okhakhala ngati makungwa, anandigwira chanza nati, “Ndiwe kaputeni uja? Masula chingwecho, ukankhe boti, kenako udumphiremo.”

Ndinamasula. Ndinakankha, mwamphamvu ndithu ngati ndikukankha ngolo yotitimira. Kudumpha ndinadumphadi, koma unadumpha ndi mwendo umodzi wokha. Winawo unali ukuganizabe. Anachita kundikokera m'kati pogwira lamba wa thalauza, nsapato imodzi itamwa kale madzi.

“Maboti a kumene kuja ndi aakulu pang'ono,” ndinatero. (Taonani mtima wa munthu.)

Titangotuluka padoko nyanja inayamba kutinyamula n'kumatitaya. Mdala uja anandisiyira chiwongolero kuti iye akoke misampha. Boti linazungulira kawiri pamalo amodzi, kachitatu linaloza komwe tachokera, ndipo apa n'kuti tiyi ndi buledi za m'mawa zikupempha njira. Ndinasiya chiwongolero n'kugwada pa chidebe chomwe chinali pafupi. Chinali cha nyambo, mitu ya nsomba ya masiku angapo, ndiye mutha kuganiza nokha mmene zinathandizira. Ndikudzutsa mutu ndinaona nyama ziwiri za m'madzi za nkhope ngati agalu zitasuzumira, zikundiyang'ana mwachifundo.

Ndinaulula ndili chigwadire. “Ciara, ku Curieuse sindinafikeko. Boti ndakwera lero koyamba. Kwathu ndi ku Ntchisi, kuli mapiri ndi minda basi.”

Mdala uja anaseka mpaka kukhala pansi pa misampha yake. Ciara sanaseke.

M'sitima pobwerera Ciara anangoyang'ana pawindo mpaka tinayamba kuona nyumba za m'tauni. Kenako anati, “Masabata atatu ndakhala ndikuuza anthu kuti ndapeza mnzanga. Dzina la kwanu ndalimva lero, mutu wako uli m'chidebe.”

Ndinayesa kufotokoza za imvi, za ulemu, za kunong'oneza pambali. Anangoti sakumvetsa, n'kutsika pa siteshoni yake. Zinandipweteka kuposa nyanja.

Sabata yonse tebulo la tiyi ndinkalilambalala. Palibe anandithamangitsa, manyazi okha ndi amene ankanditsogolera kukwera basi. Chakudya chamasana ndinkadyera pa benchi kuseri kwa laibulale, pamodzi ndi nkhunda.

Tsiku lofotokoza litafika ndinaima kutsogolo n'kuyamba ndi kunena pamaso pa onse kuti aphunzitsi sanalondole, kuchilumbako ine sindinapondeko. Ndinkamva ngati ndatukwana apongozi pamaliro. Ndinadikira kuti denga ligwe.

“Oo, pepa, ndimangoganizira,” anatero aphunzitsi aja akupukuta magalasi awo. “Bwanji sunanene tsiku lomwelo? Pitiriza.”

Basi. Masabata atatu a bodza, nsapato, chidebe, zonsezo chifukwa cha mawu amene mwiniwake anali atawaiwala asanatuluke m'kalasi. Ndinafotokoza za akhate, za akamba ndi za alendo, ndipo anati ndachita bwino. Sindinasangalale nazo. Ciara anangoyang'ana m'kope lake mpaka ndinakhala pansi.

Panapita masiku anayi foni yanga ili zii. Lachisanu masana unalowa uthenga wake, wopanda ngakhale moni: “Bambo akuti mawa ubwerenso. Akuti chidebe ubweretse chako.”

Munthu wophunzira kanthu akanapepesa n'kunena kuti nyanja si yake. Ine ndinapita kukagula chidebe, cha buluu, chokhala ndi chivindikiro. Ndapitako katatu tsopano ndipo katatu konse ndachigwiritsa ntchito. Ciara sanayambebe kuseka nane ngati kale, koma m'sitima amandifunsa za ku Ntchisi, ndipo ndimayankha zoona zokhazokha ngakhale sizisangalatsa ngati za akamba. Loweruka likubwerali ndipitanso. Kusanza kumatha boti likangogunda padoko, pomwe Loweruka la munthu amene ali yekha silitha msanga.