Utawaleza wa Namakau

Lolemba
Namakau wanga pafoni: "Amayi, munditumizire chithunzi cha utawaleza wa ku mathithi. Anzanga kuno ku Mongu akuti ndikunama." Mwanayu akukhala kwa azakhali ake, miyezi isanu ndi iwiri osamuona. Foni yangayi imajambula ngati ili ndi ng'ala. Ba Mubita, ojambula alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, avomera kundibwereka kamera yakale. Koma akuti, "Uyambe wadziwa mawu ake. Kamera si mbaula."

Lachiwiri
Kope latsopano. Mawu atatu:
apecha, kabowo kolowetsa kuwala
shata, chikope cha kamera, chimaphethira
fokasi, kuti chinthu chisaoneke mbuu
Ba Mubita akuti nambala ya apecha ikachepa bowo limakula. Anakonza zimenezi anali ataledzera ndithu!

Lachitatu
Ku loji ndikusita zovala kwinaku ndikuloweza. Apecha, shata, apecha... fungo! Pilokesi, nsalu yovekera pilo, yapsa. Mnzanga Chipo: "Iwe, ni pemphero la chalichi chiti ilo?" Aseke. Mwana wake amagona naye nyumba imodzi.

Lachinayi
Kamera ili m'manja. Ndikuyeserera pa nkhuku ya aneba kuno ku Libuyu. Zithunzi khumi: mpanda ukuoneka bwinobwino, nkhuku ngati utsi. Shata yachedwa. Kale ndikanati ndalodzedwa, lero vuto ndikulitchula dzina. Kuphunzira n'kwabwino.

Lachisanu
Posesa ndapeza kansapato ka Namakau kunsi kwa bedi. Sikangamukwanenso. Ndakhala pansi nako, tsache lili poteropo. Ndamusowa mwanayu, mtima ukuchita kuwawa. Abwana akuti mawa ndigwire mpaka masana. Palibe kanthu, utawaleza suthawa.

Loweruka
Umathawa! Ndafika dzuwa litapendeka. Pamlatho woonerapo, madzi a mathithi akugwa ngati mvula, chitenje chonse nyowe, dzuwa lili m'maso. Utawaleza zii. Ba Mubita kuseka mpaka kugwira chitsulo cha mlatho: "Apa utawaleza ni wa m'mawa, dzuwa likhale kumbuyo kwako. Na anyani adziwa!" Nanga osandiuza bwanji? Akuti chifukwa zilibe dzina la Chizungu. Ndajambulabe. Chatuluka choyera mbee. Apecha ndinatsegula kwambiri, ndikudziwa, musandiuze.

Lamulungu
Kamera ndabweza. Chithunzi ndatumiza chomwecho. Namakau: "Amayi, ndi shiti ya pabedi ya ku loji?" Ndayamba kufotokoza, apecha, shata, kuwala kukachuluka. Wandidula. "Utawaleza tauona kuno dzulo itagwa mvula, anzanga onse. Inu mubwera liti?"
Kope linanyowa dzulo, ndaliyanika padenga, masamba amatana. Kansapato ndakabwezera kunsi kwa bedi. Mawa kusita mashiti makumi awiri.