Sitela Alephereko Chaka Chino

Lolemba

Chisanu cha lero! Ngakhale galu wakana kuchoka paphulusa.

Nkhani ndi iyi. Sukulu ya pamudzi pathu pano imathera Sitandade 4. Wokhoza amapita kusukulu yaikulu, kuseri kwa mapiri, kosafikika ndi timiyendo ta mwana. Petulo, mwana wanga, amalume ake a mdzukulu wanga Sitela, wagamula kale: mtsikanayu akakhoza akakhala naye ku Chisepo, kufupi ndi sukuluyo. Ine nditsale ndi yani? Mayi ake anatisiya iye akuyamwa. Wokangana naye m'nyumba muno ndi yekhayu.

Ndiye ndaganiza: alephereko. Chaka chimodzi chokha. Kubwereza sikupha munthu. Petulo yemweyo anabwereza Sitandade 3 mpaka ndevu zinayamba kusuzumira, lero ali ndi njinga yamoto.

Mayeso atsala awiri, masamu ndi Chingerezi. Zochita:
- ntchito imuchulukire
- mabatire a tochi asowe
- m'mawa osamudzutsa

Ambuye ayang'ane kumbali pang'ono.

Lachiwiri

Dzulo masana ndinamukhuthulira dengu la mtedza kuti aswe, asagwire buku. Posuzumira, mtedza uli timilutimilu pamphasa, mwini wake akung'ung'udza. Akuti, "A madamu amati masamu ali paliponse, ngakhale m'dengu."

Lero akuchokera kumayeso akudumphadumpha. "Agogo, funso logawa linali la mtedza! Mwandithandiza!"

Ndamuthandiza. Ine!

Mabatire ali mumtsuko wa nyemba. Palibe chaphindu. Chingerezi chake akuchita kuimba, maso ali chitsinzire. Nyimbo ungaibise mumtsuko?

Lachitatu

Osamudzutsa. Tambala ndamuvundikira dengu. Ine chigonere, kunamizira mkonono.

Kusanayere bwino: "Odi! Sitelaaa!" Ana a m'kalasi mwake, chigulu, milomo yotuwa ndi mphepo. Kani a madamu anawagawa m'magulu, azitengana popita, wina akajomba anzake afotokoze. Mayi ameneyu nzeru zimenezi amazitola kuti?

Apita naye. Apitanso ndi mbatata yanga yootcha, yonse.

Lachinayi

Basi, ndikaonane ndi a madamu eni ake. Thadzi kukhwapa, ulendo.

Ndikuwapeza m'kalasi akuchonga mapepala pamaondo, tebulo mulibe. Kamtsikana chabe, choko mpaka m'tsitsi. Khoma lonse zilembo zodula pamakatoni, pakona chitini cha zitsekerero za mabotolo zowerengetsera. Ana ochuluka ngati nyerere aja amakwana bwanji muno, kaya.

Aona nkhuku, nkhope yasintha. "Agogo, kuno sitigulitsa malikisi. Mwana amakhoza yekha."

Ndikuti ayi mwana wanga, simunandimve, iyi ndi yoti alephere.

Kuseka kwake! Mpaka misozi, mpaka cholembera kugwa. Kenako andikhazika pampando wawo, iwo pansi. Akuti chaka chikuyamba Sitela ankangoloweza zimene anzake akunena, kuwerenga kwenikweni osatha. Ankatsala naye ena akaweruka, pansi pa mkuyu, kulemba padothi ndi kamtengo. Ine masiku onsewo kumati akuchedwa ndi fulaye! Ndinamukalipira kangati mwana wosalakwa!

Za malikisi akana kundiuza. Nkhuku akananso. Tabwerera tonse awiri, ine ndi thadzi, mitu pansi.

Lachisanu

Kutsekera sukulu. Makolo tonse pabwalo, ahedi akuitana mayina. Ndakhala kumbuyo, ndamanga nkhope, ndikupempha chamumtima kuti dzina lake lisamveke.

Sitandade 4. Woyamba, mwana wa akatekisiti, tinkadziwa kale. Wachiwiri sindinamve. Wachitatu, Sitela!

Nthungululu yang'amba bwalo lonse ija yatuluka pakamwa pa yani? Panga! Miyendo imene imakana kutsikira kudimba yafika kutsogolo yokha. Ndikuvina pamaso pa ahedi, duku lagwa, ndanyamula mwana wamkulumkulu ngati khanda. A madamu ndawayalira chitenje kuti apondepo, akuthawa ndi manyazi, ndikuwalondola nacho.

Pobwerera, Nachisale mnansi wanga: "Anzathu, si inu mumati sukulu iyi ndi yongoimbitsa ana nyimbo?" Ndamuuza asamale mano ake otsalawo, mphepo ingawazule.

Loweruka

Msana! Zovina zija.

Tikutonola chimanga pakhonde.  Kenako Sitela, osandiyang'ana: "Agogo, ndikudziwa zimene munakachita ndi nkhuku ija. Ngati mukuopa kutsala nokha, ndibwereza. Ndiwauza amalume kuti sindikufuna."

Chitsononkho chandigwa m'manja.

Ndamukalipira mpaka mbuzi zasiya kudya. Ubwereze chiyani? Unalephera? Mphunzitsi wako uja wapsa ndi dzuwa chaka chonse, wameza fumbi, kuti iwe uzikhala pano kundilondera ngati ndine munda? Ine ndinathera Sitandade 2 chifukwa cholera ana a eni, taona kalembedwe kangaka, ngati nkhuku yapalasa. Upita!

Ndiye onani. Chimene ndavutikira sabata yonse wandiikira m'manja, ndachikana ndekha, mokuwa, mudzi wonse ukumva.

Madzulo ndapita kukalapa. Abambo mfumu akutsokomola mosalekeza. Ndikudziwa kutsokomola kwa munthu amene akubisa phwete.

Lamulungu

Kutchalitchi, pa mapemphero a anthu, ndaimirira ndikupempherera a madamu mokweza, kuti boma lisawasamutse, liwapatseko ndi tebulo. Ameni wake anali wamphamvu. Ngakhale Nachisale.

Masana Petulo watulukira, kunyada ngati wakhoza ndi iye. Tagwirizana: tchuthi chonse mwana ali kuno, sukulu ikatsegulira apite. Ndamuuza zofunika:
- amaopa mabingu, koma savomera
- akakwiya amakhala chete, musamuyese wamwano
- mkazi wako akamusandutsa wantchito, ndibwera wapansi, ndipo mudzandimva ndisanafike

Akuti telala akufuna muyeso wa yunifolomu yatsopano. Ndamuimika Sitela pabwalo, ndamuyeza ndi luzi, phewa mpaka bondo. Ndisanadule ndawonjezapo chikhatho chathunthu.

Petulo: "Amayi, italika kwambiri imeneyo."

Isiye italike. Akakulira komweko, ine ndisakuona.